Mlongo wanga sankadwala, inali filter chabe

Ine ndi mmodzi wa anthu aja oti chithunzi sichituluka mu foni chisanadutse kaye mu app. Ndikajambula ndimakhala nacho pansi, kuchepetsako mitundu, kuwaza timchenga tija ta grain, kudetsa m'makona pang'ono, mpaka chithunzi cha dzulodzuloli chizioneka choti chagona mu sutikesi zaka 40. Anzanga anafika pozolowera, akajambulitsa amangonditumizira, "aise tachikalambitse ichi," ine nkuchita zanga, iwo nkuika pa status, ma like mbwee. Nde ndinkadziona katswiri ndithu.

Tsiku lina ndinajambula mlongo wanga atakhala pafupi ndi windo, kuwala kukumumenya mbali imodzi, atavala diresi yachikasu. Chithunzi chokongola kale ngakhale osachigwira. Koma dzanja linayabwa basi, ndinachiika filter yanga ya masiku onse ija, mwiniwake anachikonda mpaka kuchiika pa profile. Madzulo ake ndinati ndiwaonetseko amayi.

## "Chakale chake chiti?"

Anailandira foni nkuitalikitsa ndi maso monga amachitira akasiya magalasi kuchipinda, kenako kuibweretsa pafupi, kenako kuipendeketsa poganiza kuti mwina babu ndi amene akusokoneza.

"Kodi mlongo wakoyu akudwala?"

"Ayi amayi, ali bwinobwino, si munali naye mmawa womwe uno?"

"Nanga watuwa chonchi bwanji? Taona milomoyi mbuu, tsitsi mbuu. Mwana wanga ndi wakuda kowala uyu, apa wamusandutsa wogonera kuchipatala."

Ndinaseka, nkuyamba kufotokoza kuti ndi sitayilo, anthu akuzikonda masiku ano, timachita dala kuti chizioneka chakale.

"Chakale chake chiti?"

Sanadikire yankho. Analowa kuchipinda, ndikumva akukoka dilowa, nkutuluka ndi envelopu yakhakhi yoti m'mbali munang'ambika kalekale. Anasankhamo zithunzi ziwiri nkuziyala patebulo pambali pa foni yanga. Zonse ziwiri ndi za amalume, achimwene awo akulu amene anatisiya ine ndisanabadwe, zojambulidwa tsiku limodzi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, shati yomweyo, mtengo womwewo kumbuyo.

Choyamba chinali chofiira psuu. Pepala lonyezimira la makona ozungulira, thambo lapinki wopita ku chikasu, masamba a mtengo abulauni ngati ouma pomwe ukuona ndithu kuti mtengowo unali ndi masamba ake onse. Chimenechi moyo wake wonse chakhala mu envelopu, sichinaonepo dzuwa. Chachiwiri chinakhala pakhoma mu felemu zaka zambiri asanachitsitse, ndipo icho chinapita kwina kwake, chonse chabuluu wopita ku girini, chozizira. Koma m'mphepete monse, pamene felemu inkaphimba, panatsala kamzere kopyapyala ka mtundu wina, kofiirira ngati chinzake chija. Ndinachita kuyendetsapo chala.

Ndipo m'zonse ziwiri nkhope ya amalume sinali yotuwa ayi. Mu chofiira chija inali yabulauni wakuya, mbali ya mthunzi yosaoneka kanthu kupatula diso ndi mano. Ndinayang'ana pa foni, mlongo wanga mbuu ngati momwe ananenera. Filter yanga sinkafanana ndi chilichonse cha ziwirizo.

"Poti umatha kuchotsa mtundu," anatero amayi akugogoda pa chithunzicho ndi chikhadabo, "ubwezere apa. Shatiyi inali yabuluu, ndinawasitira ndine tsiku limenelo."

## Chimatha ndi utoto, ndipo sumathera limodzi

Funso loti zithunzi za tsiku limodzi zasuluka bwanji mosiyana linandikhala pamtima, nde ndinayamba kuwerenga. Kumene nkhani yake ndi yosavuta. Chithunzi cha mitundu chotsukidwa pa pepala chili ndi utoto utatu wosanjikizana: cyan amene ndi buluu wowala wopita ku girini, magenta amene ndi pinki wakuya, ndi wachikasu. Mitundu yonse imene timaiona pamenepo ndi kusakanikirana kwa utatuwo. Vuto ndi loti utatuwu sutha nthawi imodzi. Pa mapepala ambiri a m'ma 1970, chithunzi chikasungidwa mumdima utoto wa cyan ndi umene unkayamba kufa, makamaka kukamatentha komanso kukakhala chinyontho. Ntchito ya cyan ndi kutsekereza kufiira, nde iye akachoka chithunzi chonse chimangofiira. Chikakhala powala zimatembenuka, kuwala kumadya kwambiri magenta ndi chikasu, kotsala ndi buluu uja. Ngati munaonapo poster yakhalitsa pa windo itasanduka yabuluu yokhayokha, ndi zomwezo.

Ndiye kusuluka kwenikweni kumanena kumene chithunzi chakhala. Kumakhala ndi mbali, kumakhala ndi malire ngati kamzere ka felemu kaja, monga nsalu yoiwalika pachingwe imene imasuluka kokha kumene dzuwa linkaomba. Filter imangothira phulusa lofanana paliponse, kona ndi kona.

China chinandiseketsa ndi sepia, bulauni uja amene aliyense akamuona amati "eya, chakale ichi." Sepia sikukalamba. Ojambula akale ankaviika dala zithunzi za black and white m'mankhwala osintha siliva wa pa pepala kukhala silver sulphide, amene sawonongeka msanga. Mtundu umene ife timauika kuti chithunzi chioneke chowonongeka, eni ake ankauika kuti chisawonongeke.

Ndipo sikuti zakale zonse zinasuluka. Ma slide (tizithunzi ta pa filimu toonetsera pakhoma ndi projekita) a Kodachrome, filimu imene kampani ya Kodak inatulutsa mu 1935, akasungidwa mumdima mpaka lero amawala mitundu yake bwinobwino. Kodak inasiya kupanga filimuyi mu 2009, ndipo malo omaliza amene ankaitsuka, Dwayne's Photo ku Kansas, anasiya kuilandira mu December 2010. Taonani nthawi yake: Instagram inali itangoyamba kumene mu October 2010, ndi ma filter ake monga Earlybird, X-Pro II ndi ina yotchedwa 1977. Kamera za mafoni nthawi imeneyo zinali zofooka, iPhone 4 inali ndi ma megapixel 5, ndipo filter yachikale inkabisa zambiri, chithunzi chosaoneka bwino chinkasanduka ngati wachita dala. Mu January 2012 Kodak inakapempha chitetezo ku khoti chifukwa cha ngongole, mu April chaka chomwecho Facebook inagula Instagram pa 1 biliyoni ya madola. Filimu yeniyeni ikufa, chifaniziro chake chikugulidwa ndalama zoterozo.

## Chifukwa chake amayamba kuvulala ndi munthu wakuda

Apa nde pamene panandigwira kwambiri. Mukatsegula Curves mu Snapseed kapena Lightroom, ma app okonzera zithunzi, mupeza kamzere kopendekeka kochokera pakona ya pansi kumanzere kukafika pakona ya m'mwamba kumanja. Pansi paja ndi kuda bii, nambala yake 0, m'mwamba muja ndi kuyera mbee, 255. Chinsinsi chonse cha filter yosulutsa ndi kukoka kadontho ka pansi kaja nkukakweza, tinene kufika pa 30 kapena 40. Ukatero wauza foni kuti m'chithunzi muno musapezeke chakuda chenicheni, chilichonse chakuda chikhale chotuwa. Kenako imachepetsa saturation kuti mitundu izime.

Tsopano taganizani, khungu la munthu woyera limakhala chakumtunda kwa mzerewo, zimene zikuchitika pansi sizikumukhudza kwenikweni, amangooneka wofewa bwino. Khungu la mlongo wanga, tsitsi lake, nsidze, mthunzi wa pansi pa chibwano, zonsezo zimakhala chakumunsi, pomwepo pamene filter ikumenya. Kuda kumakwezedwa, kufiirira kumene kumapangitsa khungu lakuda kuoneka lamoyo kumazimitsidwa, chotsala ndi kutuwa. Amayi sanaphunzire za Curves koma anachiona pa sekondi imodzi, ine ndinali nditachizolowera moti sindinkachionanso.

Ndipo nkhani ya filimu ndi khungu lakuda sinayambe ndi mafoni. Kwa zaka zambiri Kodak inkatumizira malo otsukira zithunzi makadi otchedwa Shirley card, pamene panali chithunzi cha mzimayi wachizungu, ndipo otsuka ankatchera makina awo kuti khungu la iyeyo lituluke bwino. Ena onse ankatuluka mmene atulukiremo. Lorna Roth wa ku Concordia University ku Canada, amene anafufuza nkhaniyi nkuilemba mu 2009, anapeza kuti mwa zina zimene zinakankha kampaniyo kukonza katulutsidwe ka mitundu yabulauni anali madandaulo a makampani ogulitsa mipando yamatabwa ndi chokoleti, oti katundu wawo sakusiyanitsika pa zithunzi. Matabwa eti. Khadi lokhala ndi anthu a makungu osiyanasiyana linabwera m'ma 1990.

Nde ukamati ukufuna chithunzi chako chioneke cha filimu yakale, dziwa kuti filimu yakaleyo sinapangidwe poganizira nkhope yako. Mbali ya mthunzi ya nkhope ya amalume ija, yoti ukungoona diso ndi mano, mwina dzuwa linali loopsa tsikulo, mwina wojambula sanatchere bwino, koma zithunzi zotero za anthu akuda zilipo zochuluka kwambiri moti sungaloze dzuwa lokha.

## Shati yabuluu

Ntchito imene amayi anandipatsa ndinaigwira ndithu. Ndinachita sikani chithunzi chofiira chija, nkutsegula Curves, koma ulendo uno mtundu uliwonse pawokha, Red, Green, Blue. Kutsitsa Red pang'onopang'ono, masamba anayamba kubwerera ku girini, thambo linasiya pinki. Amayi ali pambali, magalasi atavala tsopano.

"Wapyola, sinali buluu wolusa chonchi."

"Apa bwanji?"

"Bwezako pang'ono. Eya, chapomwepo."

Chapomwepo. Mtundu weniweni wa shati ija kulibenso kwina kulikonse koma m'mutu mwawo, ine ndinkangoyerekeza iwo nkumavomera kapena kukana. Mbali ya mthunzi ya nkhope ndinayesa kuiwalitsa, kunangotuluka timadontho, munalibe kanthu koti nkubweza. Ndinayesanso app ina ya AI yoti imakonza zithunzi zakale, inatulutsa mnyamata wosalala bwino, mano oyera ondondozana, amayi anangoti, "awa sindikuwadziwa." Tinaifufuta.

Usiku wonse kuvutika kubweza mtundu umodzi wa shati imodzi, pomwe kuchotsa mitundu pa diresi yachikasu ija kunanditengera kudina kamodzi.

## Sindinasiye, ndinangosintha kachitidwe

Musaganize kuti ndinalapa nkufufuta ma app onse, ayi ndithu, maonekedwe achikale ndimawakondabe. Chithunzi cha foni ya masiku ano chimathwa mopyola, chilichonse chikuoneka kuyambira mitambo mpaka pansi pa tebulo, nthawi zina chimatopetsa maso. Kuchifewetsa si tchimo.

Kungoti pano ndisanagwire kalikonse ndimayamba ndasankha kuti chithunzichi ndikunamizira kuti chakhala kuti, mu envelopu kapena pakhoma. Ngati ndi mu envelopu ndimapita ku Red nkukweza pang'ono chakumunsi kuti mithunzi ikhale yabulauni wofiirira, kenako ku Blue nkutsitsa kadontho ka m'mwamba kuti zoyera zipite ku chikasu. Ngati ndi pakhoma ndimazimitsa zofiira ndi zachikasu nkusiya buluu, koma imeneyi sindiiyika pa nkhope ya munthu, imakhala bwino pa nyumba, msewu, nyanja. Kwa anthu ndimakonda ya envelopu, chifukwa kuda kukakwezedwa kupita ku bulauni munthu amaonekabe wamagazi, kukakwezedwa kupita ku phulusa nde kudwala kuja.

Kadontho ka pansi kaja ndimakakwezabe koma pang'ono, ndipo ndimaika kadontho kena chapafupi nkukakokera pansi kuti mithunzi isasungunuke yonse. Chachikulu kwambiri ndi kumupatula munthu. Mu Lightroom muli Masking imene imasankha yokha munthu, ukatembenuza mask, malo osankhidwawo, umasulutsa kumbuyo kokha. Mu Snapseed ndi njira yotalikirapo, umaika kaye edit, nkupita ku View edits, nkugwiritsa burashi kufufuta pankhope ndi m'manja. Osafufuta zonse, munthu angaoneke womata, ine ndimasiyako mwina gawo limodzi la magawo atatu. Ndipo pa ma slider a mitundu, wa Orange musamuseweretse, khungu la munthu aliyense, woyera kaya wakuda, limakhala kwambiri pamenepo. Chepetsani Green, chepetsani Blue, Orange asiyeni kapena mumuwonjezere kachidutswa.

Grain ndimaika kumapeto. Ali ndi ntchito ina yoti ambiri sadziwa: JPEG ili ndi masitepe 256 okha pa mtundu uliwonse, nde ukapanikiza Curves thambo limayamba kuoneka mizeremizere m'malo mosalala, timchengato timabisa zimenezo. Koma ukatumiza chithunzi pa ma app ochezera amachifinya kuti chichepe, ndipo choyamba kuphwanyika ndi grain yemweyo, amasanduka timabokosi tonyansa. Ngati munthu akufuna kukachitsukitsa mutumizireni ngati document.

Chimene chimaulula kwambiri kuti chithunzi ndi cha foni si mtundu ayi, ndi kuthwa ndi HDR, njira imene foni imagwirira zowala ndi zamumthunzi zonse nthawi imodzi. Kamera wamba zakale sizinkatha kugwira thambo lowala ndi mthunzi nthawi imodzi, china chinkatayika, windo linkangoyera mbee. Nde ndimatsitsa Clarity ndi Texture, ma slider a kuthwa, nkulola zowala zipse pang'ono m'malo mozipulumutsa. Ndimadulanso kukula kwake. Mafoni ambiri amajambula 4:3, pomwe filimu ya 35mm kachigawo kake ndi 36 kwa 24 mm, kutanthauza 3:2. Ofuna cha sikweya nawonso sakunama, kamera za Instamatic zimene Kodak inayamba kugulitsa mu 1963 zinkatulutsa za sikweya. Zonsezi ungachite bwino, koma ngati patebulo pali charger ndipo munthu wagwira foni m'manja, basi, wadziyalutsa wekha.

## Zokala, moto wa m'mbali, ndi deti yabodza

Pali zina zoti ndimakana ngakhale mnzanga achonderere. Timizere tokala tabodza, makwinya a pepala, madontho ngati chinanyowa, ndi light leak, kufiira kuja kolowera m'mbali ngati moto. Light leak inali ngozi, kuwala kwalowa chifukwa chitseko cha kamera sichikutseka bwino kapena wina watsegula filimu isanakulungidwe, ndipo pa filimu ya zithunzi 24 kapena 36 kuwonongeka kotero kunkawawa. Pa chithunzi chimodzi mwina nkukongola, koma ukayang'ana page ya munthu nkupeza moto womwewo pakona yomweyo pa zithunzi khumi zotsatizana, kukala komweko podutsa pamphumi pa aliyense, zimangoseketsa. Ena amaunjika zonse pamodzi, sepia ya m'ma 1800, felemu yoyera ya Polaroid, ndi deti ya m'ma 1990 pakona, chithunzi chimodzi chakhala m'mibadwo itatu.

Komanso pano original sindiitaya, ndipo ndikamutumizira munthu ndimatumiza ziwiri, chokalambitsa ndi chosagwira. Chithunzi cha digito sichisuluka chokha, manambala ake akhala omwewo zaka 50 zikubwerazi ngati fayiloyo ipulumuke, koma ukachisulutsa nkusunga JPEG yokhayo, zimene wachotsa sizibwerera zonse. Ma app ena amajambula filter ili kale momwemo, original kulibe nkomwe, amenewo ndi abwino posewera koma osati pa tsiku loti silidzabweranso. Ambiri ndikawatumizira ziwiri amaika chokalambitsacho pa status, chinacho kaya amasunga kaya amafufuta kuti apeze malo mu foni, izo nde zawo.

Deti ija nde imandimaliza. Timanambala tachikasu chofiirira ta pakona tinkachokera mu kamera zimene zinali ndi kawotchi kowotcha tsiku pa filimu penipeni, kuti munthu asaiwale kuti chinajambulidwa liti. Pano pali ma app monga Huji Cam amene amatengera kamera zotaya za nthawi imeneyo ndipo amadinda chaka cha 98 pokhapokha ukasintha wekha mu settings. Mnzanga wina ananditumizira chithunzi cha khanda lake la miyezi iwiri kuti ndichikonzeko kuwala, pakona palembedwa 98. Ndinamufunsa kuti kodi mayi a mwanayu anabadwa chaka chanji, akuti 2001. Ndinamuuza kuti kuwala ndikonza, koma detiyo ndiidula, ndipo akafuna kujambulanso mwanayu alowe kaye mu settings azimitse.